Kachiwiri ndi Sipanala Yolira

Mlongo wanga ndi mmisiri wa injini za maboti, ndipo mpaka lero akugwirabe ntchito. Chaka chatha panatsala pang'ono kuti aisiye, osati mwa kufuna kwake.

Padoko palibe amene amamutchula dzina limene amayi anamupatsa. Onse amati Kachiwiri, ngakhale ana obadwa dzulodzuloli. Dzinali analipeza ku ntchito. Akamanga mabawuti a chitoliro cha utsi, salola boti kuchoka mpaka injini italira, itatentha, itazizira, iye n'kubwereranso ndi sipanala kudzamanga kachiwiri. Eni maboti akhala akunyinyirika ndi khalidweli kwa zaka zambirimbiri, koma injini ikavuta amabwerabe ku shedi yake.

Anabadwa pa 9 Juni 1956, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinamubereka kumbuyo mpaka miyendo yake inayamba kundimenya kuseri kwa mawondo. Pagulu ndimati achimwene. Tikakhala awiri ndimati iwe, ndipo sadandaula. Sukulu sinamukomere. Ine ndinapitirira mpaka kukhala mphunzitsi, iye anasiya mu 1971 n'kukayamba kutsuka zitsulo mu palafini kwa mmisiri wina wokalamba wa diso limodzi. Mmisiriyo analibe chida choyezera kulimba kwa bawuti. Ankaika dzanja lake pamwamba pa dzanja la wophunzira, n'kukoka naye sipanala limodzi, kenako n'kunena kuti, "Apa. Usapitirire apa." Muyeso umenewo unakhazikika m'dzanja lamanja la mlongo wanga, ndipo sanafunenso wina. Injini zinamulipira bwino, koma zinamulanda makutu. Pofika zaka makumi asanu tinali titazolowera kumukuwira.

Ntchito imene amadziwika nayo kwambiri ndaimva ikufotokozedwa patebulo kambirimbiri, moti ndikhoza kuiphunzitsa. Pambali pa injini ya boti pamakhala chitsulo cholemera chimene amisiri amachitcha khosi, chokwezera utsi m'mwamba. Pamwamba pake pamakhala chigongono choutembenuzira pansi kuti utulukire kumbuyo kwa boti. M'kati mwa zitsulozi muli njira ziwiri: utsi umadutsa pakati, madzi oziziritsa amadutsa m'mbali. Pamene khosi lakumana ndi injini, cholekanitsa utsi ndi madzi ndi gasiketi yopyapyala ngati chikuto cha kope, yopanikizidwa ndi mabawuti anayi. Mabawutiwo akalefuka, madzi amadontherera m'injini boti lili chiimire, ndipo mwini wake akatembenuza kiyi, pisitoni imakumana ndi madzi. Madzi sapanikizika, chimapindika ndi chitsulo. Koma akalimbanso mopitirira, khutu la khosi, pamene bawuti limadutsa, limang'aluka, pakuti chitsulo chake n'chouma ngati mbale yadothi.

Anakwatira pa 3 Seputembala 1983. Mlamu wanga anali mayi wofatsa amene ankachotsa girizi m'makolala popanda kudandaula, ndipo anatisiya mu 2017. Ana alipo atatu. Wachisamba ndi wamwamuna, amagwira ntchito mu ofesi ku tauni. Wachiwiri anakwatiwa kutali. Wotsiriza, wamkazi amene tonse timangomuti Mzime, ndi amene anatengera bambo ake. Iyeyu anapita ku sukulu ya zaumisiri, n'kubwerako ndi satifiketi ndiponso sipanala yaitali m'bokosi lofiira. Sipanala imeneyo uli ndi poitchera nambala kuchigwiriro, ndipo bawuti likafika pa muyeso imalira kuti "khethe", n'kugwedezeka pang'ono m'dzanja.

"Chitsulo chizindiuza ine kuti basi?" anatero mlongo wanga ataiona. "Sikelo yanga ndinabadwa nayo."

Tsiku lina Mzime anayesa ndi sipanala yakeyo mabawuti amene bambo ake anamanga ndi dzanja, ndipo onse anapezeka pa muyeso. Nkhani imeneyo tinaimva mpaka kutopa nayo.

Lachiwiri pa 20 Febuluwale 2024 mlongo wanga anagwetsa kapu ya tiyi, n'kuiyang'ana pansi osadziwa kuti yachoka bwanji m'dzanja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo unabwerera msanga, lilime linamasuka, ndipo ngakhale mphamvu za dzanja lamanja zinabwerera. Chimene sichinabwerere ndi kumva. Ankatha kunyamula ndowa yodzaza, koma ukamupatsa dzira ankaliphwanya osadziwa. Tsiku lina ndinamupeza atagwira chivundikiro cha poto wotentha, akundifunsa kuti fungo lachikopalo likuchokera kuti.

Mwana wake wachisamba anabwera ndi galimoto mu Meyi. Anati wawakonzera bambo ake chipinda ku tauni, m'nyumba yosanja, chokhala ndi wailesi yakanema ndi bedi latsopano. Sanali kulakwa. Ankaopa kuti tsiku lina tidzamva kuti dzanja lalowa m'lamba wa injini. Anakangana patebulo langa mpaka tiyi anazizira, ndipo pomaliza anagwirizana chonchi: Mzime awapatse bambo ake ntchito imodzi yomanga khosi ndi chigongono. Akaigwira bwino, akhale. Akalephera, apite ku tauni osatsutsanso. Woweruza akhale Mzime yemweyo.

"Koma usawakomere mtima, iwe," anatero wachisambayo kwa Mzime. "Undiuze zoona."

"Pa injini sindinama," anayankha Mzime, ndipo tonse tinadziwa kuti akunena zoona.

Ntchitoyo inapezeka Lachitatu pa 12 Juni. Dokotala anali atanena kuti mlongo wanga asamayende yekha, choncho ndinamuperekeza ine. Boti lake linali la bambo wina wonyamula anthu ndi katundu kupita tsidya, amene padoko amamuti Changu chifukwa sakhala pansi. Linali litamangidwa kutsogolo kwa shedi, chitseko cha injini chili chotsegula. Ndinakhala pa benchi la okwera, pafupi ndi dzenje la injinilo, nditafunda juzi.

Khosi lakale linali litadyeka ndi dzimbiri. Atalizula, mlongo wanga anapisa chala cha kumanzere m'njira ya madzi n'kusolola chinthu chofiira, chachitali ngati nyongolotsi. Anasololanso china. Anaziyala pa bondo la Changu.

"Izi ndi zanu, a Changu?"

"Ndi silikoni ameneyo, mdala. Panali kudontha, ndiye ndinangopakapo pang'ono."

"Mwati?"

"Ndati pang'ono."

"Pang'ono pamene chubu chonse chili muno? Munapaka, munamanga, zotsala zonse zinafinyikira m'kati n'kutseka madzi. Chigongono chinkapsa inu mukuimba nyimbo pa chiwongolero."

"Koma kudontha kunasiya."

"Ukatseka mpopi kudontha kumasiyadi," anatero Mzime, ndipo Changu anaseka n'kukanda m'mutu.

Ndinaonerera mlongo wanga akukonza malo okhala gasiketi. Anayamba watsekera nsanza m'mabowo kuti zinyalala zisagweremo. Anapala zotsalira zakale ndi kampeni, n'kupukuta ndi sandipepa womata pa galasi, kenako anaika rula yachitsulo mopingasa n'kusuzumira pansi pake ngati kuwala kukudutsa. Zonsezi ndi ntchito ya maso, ndipo maso ake ali bwino. Ankaimba kamluzu. Sindinamumve akuimba mluzu chichokereni kuchipatala.

Khosi latsopano linali m'katoni. Changu analiyembekezera mwezi wathunthu kuchokera kunja, ndipo linabwera limodzi lokha. Ataona gasiketi ikuikidwa youma, anayamba kuvutika pamene anakhalapo.

"Mdala, ngakhale kadontho kokha ka silikoni? Kuti mtima ukhale pansi."

"Mtima wanu kapena wa injini? Gasiketi iyi ndi yachitsulo, yakuda chonchi chifukwa inabwera itadzola kale. Mukaidzozanso imaterereka. Zakale zija zapepala ndi zimene tinkapaka, komabe mopyapyala, mpaka pepala lizionekera."

Phala lomatira analigwiritsa ntchito pamalo amodzi okha, pa mazinga a kachitsekero kakang'ono ka m'mbali mwa chigongono, ndipo anasiya mazinga awiri akutsogolo osapaka kuti lisalowe m'madzi. Changu anapukusa mutu n'kunena kuti akukagula mafuta.

Katoniyo inabwera yopanda mabawuti atsopano, choncho anatsuka akale ndi bulashi yawaya. Bambo ndi mwana ananyamula khosi awiri n'kulikhazika. Nthawi yomweyo ku shedi kunafika munthu akuitana, ndipo Mzime anapukuta manja.

"Bambo, mungowalowetsa ndi zala. Ndikubwera ndi sipanala yolira."

"Pita, pita."

Atatu analowa bwinobwino. Lachinayi linali lolimba m'mazinga, ndipo ndinamuona akulitulutsa, kulidontheza oyilo, n'kulibwezera. Kenako anayang'ana ku shedi. Mzime anali atatembenuka, akulankhula ndi mlendo uja. Mlongo wanga anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa sipanala yake yakale, yosalala ndi kugwiridwa.

"Iwe, mwana wanena kuti udikire," ndinatero.

Kaya sanamve, kaya anamva, sindikudziwa. Anayamba kumanga mopingasa monga mwa nthawi zonse, ili kenako la kutsidya kwake, pang'onopang'ono, kuti khosi likhale mofanana. Anazungulira kamodzi, anazunguliranso. Nkhope yake inali ya munthu amene wabwerera kwawo. Pozungulira kachitatu, pa bawuti lothira oyilo lija, ndinamva kaphokoso kakang'ono, kouma, ngati mwana wathyola pensulo pansi pa desiki.

Iye sanaime. Anasuntha sipanala kuti akokenso.

"Iwe, chathyoka n'chiyani?"

"Mwati?"

"Ndamva chinthu chikuthyoka."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana sipanala. Anaikankha ndi chala chimodzi ndipo inazungulira yokha, yopanda choigwira. Sanamve ndi khutu, sanamvenso ndi dzanja. Chinthu chinathyokera m'manja mwake, ndipo anachita kuuzidwa ndi ine, amene sindinagwirepo sipanala chibadwire.

Mzime anabwera ndi bokosi lofiira lija m'khwapa. Anayang'ana sipanala yakale, anayang'ana bambo ake. Anagwada n'kukoka mutu wa bawuti ndi zala. Unatuluka ndi kachidutswa kafupi, kothyoka mowala.

"Bawuti lapita," anatero. "Tione ngati lapita lokha."

Changu anafika ndi zigubu ziwiri n'kupeza akumasula khosi limene analisiya litakhala. Atamva chimene chachitika anakhala pansi, mwina koyamba chaka chimenecho.

"Likakhala kuti lang'aluka ndiye mwezi wina boti lili pachingwe," anatero motsitsa mawu. Sanadzudzule munthu, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kukalipa.

Mng'alu wa chitsulo chotere suoneka ndi maso. Mzime anatengera khosi pabwalo, analipaka palafini kuzungulira makutu onse anayi, n'kudikira kuti alowerere. Kenako anapukuta mpaka pouma.

"Azakhali, choko chonse munasiya kusukulu?"

Cha ku shedi chinali chitatha, koma m'chikwama changa simusowa kachidutswa. Anachipera pa sandipepa n'kuwaza fumbi lake pa chitsulo mpaka panayera. Anandifotokozera kuti ngati pali mng'alu, palafini wobisala m'katimo amatuluka n'kujambula mzere wakuda pa choko. Tinazungulira khosilo anthu anayi, titawerama ngati tikuyang'ana khanda. Mlongo wanga anali ataluma mlomo. Mphepo inauluza fumbi pang'ono, Mzime n'kutchinga ndi dzanja. Tinadikira mpaka msana wanga unayamba kudandaula.

Choko chinakhalabe choyera.

Changu anapuma mwamphamvu n'kuvula chipewa. "Mayi, mwandibwezera moyo," anauza Mzime. "Ndimati ndikauza chiyani mkazi wanga."

Chotsalira cha bawuti chinali chitasuzumira pang'ono pamwamba pa injini. Mzime anaphimba ponse ndi nsanza zonyowa, anaika nati pachitsacho n'kuiwotcherera, ndipo itazizira anaipotoza pang'onopang'ono mpaka chidutswa chinatuluka. Anakatenga mabawuti anayi atsopano m'dilowa yake, ndi gasiketi ina, pakuti yopanikizidwa kale sibwerezedwa ndipo iye amaitanitsa ziwiriziwiri. Mabowo anawatsuka kuti oyilo achoke, kenako khosi linabwezedwa pamalo pake.

Nthawi yonseyi bambo ake anali atakhala pambali panga pa benchi, dzanja lamanja lili pa bondo ngati si lake.

"Oyilo ndathira ndine," anatero, osayang'ana munthu. "Bawuti lonyowa limaterera, limalimba kuposa mmene ukukokera. Dzanja lakale likanadziwa kuchepetsa. Mzime, waimbire achimwene ako. Uwauze abwere Loweruka."

"Ntchito sinathe, bambo."

"Yatha. Waona wekha."

"Ndaona mukumanga ndi sipanala imene ndinakuuzani kuti musagwire. Ndi iyi sindinakuoneni." Anatsegula bokosi, anatchera nambala yotsika ya kuzungulira koyamba, n'kuwapatsa. "Ikalira, musiye."

Mlongo wanga anatsikiranso m'dzenje monyinyirika. Anaika sipanala yaitaliyo pa bawuti loyamba n'kukoka ndi dzanja lamanja. Ine ndinamva "khethe" bwinobwino. Iye anapitiriza kukoka, mpaka Mzime anamugwira mkono.

"Basi, bambo. Yalira kale."

"Liti?"

Anayesanso pa bawuti lachiwiri, atapendeketsa mutu, khutu lili pafupi ndi chitsulo. Inalira, ndipo anapitirizanso. Mwayi wake nambala inali yotsika, palibe chinaonongeka. Koma apa ndi pamene ndinaona kuti ngakhale chida chimene ankachinyoza sichikanamupulumutsa.

"Ndizikuuzani ine ikalira," ndinatero mokweza. "Makutu anga ali bwino."

"Achemwali, ndiziyenda ndi mphunzitsi wopuma pantchito m'boti lililonse ngati belu la sukulu? Tsiku limene mwadwala mwendo, doko lonse litseke?"

Changu anafuna kuseka koma anadziletsa. Mlongo wanga anapereka sipanala kwa mwana wake n'kuyamba kudzuka.

"Malizitsa. Bambowa boti lawo lisagonere ine."

Mzime sanatsutsenso. Maso ake anali atafiira, koma anagwada n'kuika sipanala pa bawuti lachitatu. Bawuti limenelo lili pakona, kuseri kwa paipi ya madzi, ndipo mutu wa sipanala unkangoterereka.

"Bambo, tandigwirirani apa isachoke."

Dzanja lamanja anali atagwira nalo m'mphepete mwa dzenje podzuka, choncho anatambasula lamanzere n'kukanikiza chikhato pamutu wa sipanala. Mzime anakoka.

"Yalira," anatero mlongo wanga, mwana wake asanasiye n'komwe.

Mzime anadzutsa mutu. "Mwamva?"

"Sindinamve kanthu. Yandiluma m'chikhatomu."

Anayang'anizana. Kenako Mzime anatembenuza chigwiriro n'kuchiika m'dzanja lamanzere la bambo ake.

Sizinali zokongola kuona. Munthu amene wagwira ntchito ndi dzanja limodzi kwa moyo wake wonse, ukamusinthira, amakhala ngati mwana wa Sitandade 1 wogwira pensulo. Anayenera kuzungulira kupita mbali ina ya injini, kugwada pa bondo lodwala lija, n'kupinda msana kuti mkono upeze mpata. Poyamba anakankha m'malo mokoka. Anagunditsa zala pa injini n'kutukwana mawu amene sindilemba pano, ndipo Changu anati, "Ndiye kuti zalazo zikumva, mdala." Koma pa bawuti lachinayi anakoka mosathamanga, sipanala inalira, ndipo dzanja linaima pomwepo.

"Bwerezani," anatero Mzime. Mawu ake anali a woweruza, osati a mwana.

Anawonjezera nambala, bambo ake n'kuzungulira onse anayi mopingasa. Anawonjezeranso kufika pa muyeso wolembedwa m'buku la injiniyo, wa mabawuti ouma. Nthawi iliyonse ine ndikamva kulira, dzanja linali litaima kale. Mzime anali ataika dzanja lake m'mwamba pafupi ndi mkono wa bambo ake, wokonzeka kuugwira, koma sanaugwire ngakhale kamodzi. Pomanga chigongono pamwamba pa khosi, dzanjalo analibweza m'thumba.

Atalumikiza mapaipi analiza injini. Madzi anatuluka kumbuyo kwa boti mwamphamvu, osakanikirana ndi utsi. Mlongo wanga anayendetsa kumbuyo kwa dzanja lamanzere pa khosi ndi pa chigongono, n'kunena kuti n'zofunda bwino, zosawotcha. Injini itatentha mokwanira anazimitsa, ndipo Changu anayamba kumasula chingwe.

"Mukupita kuti, a Changu?"

"Mdala, anthu akundidikira tsidya. Mwamanga ndi sipanala ya sukulu, nanga pakufunikanso chiyani?"

"Sipanala ya sukulu siletsa chitsulo kufutukuka. Chatentha, gasiketi yaphwa, chikazizira mabawuti apeza mpata. Mubwere mawa."

"Ndimayesa matenda aja anakuchotsani khalidwe limeneli."

"Anayamba ndi dzanja. Ku khalidwe sanafikeko."

Pobwerera kunyumba mlongo wanga anangondifunsa ngati Mzime wanenapo kanthu, ndipo ndinamuuza zoona, kuti sananene. Iye ankadziwa, inenso ndinkadziwa, kuti bawuti lothyoka lija silinaiwalike, ndiponso kuti mwanayo sadzabisira mlongo wake.

M'mawa mwake tinapeza Mzime atafika kale, bokosi lofiira lili pa benchi. Injini inali yozizira. Mlongo wanga anatchera yekha nambala, atatalikitsa chigwiriro ndi maso chifukwa magalasi anaiwala kunyumba, ndipo mwana wake anasuzumira n'kuvomera ndi mutu. Bawuti lililonse linayenda pang'ono, mwina ngati m'lifupi mwa chikhadabo, kenako sipanala n'kulira.

"Mwaona, a Changu? Mpata umenewo ndi umene mukanapita nawo tsidya."

Mzime anamasula mapulagi oyatsira moto a mbali imeneyo n'kuwayang'ana kunsonga kuti aone ngati madzi alowa m'injini. Anali ouma. Analizanso injini, ndipo iye anatenga kansalu koyera n'kukayendetsa kuzungulira pamene khosi lakumana ndi injini, ndi pamene lakumana ndi chigongono. Anakayang'ana padzuwa, anakatembenuza, n'kukapereka kwa bambo ake. Kanalibe dontho.

Changu ananyamuka akuimba hutala, ndipo Mzime anatulutsa foni. Anaimirira pakhomo la shedi, ife tili pa benchi lapanja. Mlongo wanga anayamba kupukuta sipanala yoyera kale.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Ee, yatha. Ayi, sizinayende bwino zonse. Anathyola bawuti." Anamvetsera. "Ndi dzanja lamanja, ndi sipanala yawo yakale, ine nditachokapo. Dikirani ndimalize. Ndi lamanzere amanga onse pa muyeso, dzulo ndi lero, ine ndikuona. Boti lapita louma." Anamvetseranso nthawi yaitali. "Munati ndikuuzeni zoona, ndiye ndi zimenezo. Sipanala yakale ndawalanda, ili m'dilowa yanga. Injini ikamalira sayandikira lamba, zimenezo ndi zanga. Koma kumanga akumanga."

Mlongo wanga anandigunda ndi chigongono. "Akuti chiyani?"

"Sanamalize."

"Nkhope ya mwanayo ikuti chiyani?"

"Iwe, dikira."

Mzime anaseka pa foni, kuseka kwa munthu amene watula katundu, ndipo anabwera kudzaima patsogolo pathu. Anawerama pafupi ndi khutu la bambo ake.

"Akuti chipinda chija aikamo njinga za ana. Koma akuti mankhwala musadumphitse, ndipo tsiku limene mudzagwirenso sipanala ndi dzanja lamanja abwera osaimba foni."

"Uwauze kuti ndamva."

"Mwamvadi?"

"Za njingazo ndamva."

Anadzuka, anapinda kansalu koyera kaja n'kukaika m'thumba la pachifuwa, kenako anafunsa kuti boti lobiriwira lomangidwa kumapeto kwa doko ladzera chiyani. Mzime anati likutentha. Mlongo wanga anatenga bokosi lofiira ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kupita komweko, akukoka mwendo pang'ono.

"Azakhali, pitani mukapume," anandiuza Mzime. "Madzulo ndibwera nawo ndine."

Ndinabwerera ndekha kunyumba. Ndinavula nsapato, ndinagona pa mpando wautali ndi juzi yomwe, ndipo ndinadzuka dzuwa litapendeka, tiyi amene ndinadzithirira atazizira pambali panga.